Machila: Nsalu ya Amang'anja a M'chigwa cha Shire

Anthu ambiri amaganiza kuti makolo athu ankavala nyanda ndi zikopa zokha mpaka pamene azungu adabwera ndi nsalu. Mbiri ya kumunsi kwa mtsinje wa Shire imatsutsa zimenezi. David Livingstone atafika kumeneko mu 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu yawo yotchedwa machila. Ntchito yoomba inali ya amuna. Ankakhala pabwalo, kukhoma zikhomo pansi, kuyala ulusi, n'kumaomba pang'onopang'ono kwa masiku ambiri kuti nsalu imodzi ithe.

M'buku lomwe adalemba ndi m'bale wake Charles, losindikizidwa mu 1865, Livingstone adatchula mitundu iwiri ya thonje: thonje kaja, la komweko, ndi thonje manga, lobwera. Thonje kaja linali ndi ulusi waufupi ndipo linkavuta kuchotsa njere, komabe anthu ankalikonda chifukwa nsalu yake inkalimba. Ophunzira chinenero azindikire mawu oti "manga". Ankaloza zinthu zochokera kunyanja yamchere, ndipo ambiri amati ndi omwewo amene tikuwamva m'mawu oti chimanga.

Machila sankangovalidwa. Ankagwira ntchito ngati ndalama, posinthanitsa ndi mchere, makasu ndi zakudya, ndipo ankayenda mpaka kumadera a mtsinje wa Zambezi. Dzina lomweli ndi limene tinkatchulira chonyamulira chansalu chimene anthu ankasenzeramo azungu paulendo.

Nanga lusoli lidafa bwanji? Yankho lozolowereka ndi lakuti nsalu zotchipa zakunja, monga merikani ya ku America ndi kaniki ya ku India, zidalanda msika. Zoona zilipo, makamaka kampani ya African Lakes ya ku Glasgow itayamba malonda mu 1878, n'kumalipira antchito ndi mikwamba ya nsalu. Koma ine ndikuona kuti yankholi n'losakwanira. Chilala cha 1862 ndi 1863, pamodzi ndi nkhondo zogwira akapolo, zidapululutsa midzi ya m'chigwachi nsalu zakunja zisanachuluke. Mmisiri akafa kapena akathawa, luso lake limapita naye.

Kenaka padabwera msonkho wa nyumba, wofuna ndalama. Bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, lidalimbikitsa ulimi wa thonje logulitsa, ndipo thonje la ku Nsanje, komwe azungu ankati Port Herald, lidayamba kupita kumafakitale a ku Lancashire lisanapotedwe. Mlimi adasanduka wogula nsalu. Ndikulemba izi ndili ku Tipton, tauni yomwe kale inali ya malasha ndi zitsulo, ndipo ndimakumbuka kuti osula a Chimang'anja nawonso adaona zofanana: makasu ochokera m'mafakitale a chigawo chino, monga a Chillington ku Wolverhampton, adafika m'minda yambiri ya mu Africa.

Fakitale yaikulu yoomba nsalu idatsegulidwa ku Blantyre m'zaka za m'ma 1960, dziko litalandira kale ufulu, ndipo eni dzina lake, David Whitehead and Sons, anali a ku Lancashire komweko.