Nkhondo imayambira pa dzina

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, sabata yatha pa nthawi yopuma ana awiri a m'kalasi mwanga kuno ku Ntengo-Wambalame anakanganirana mpira. Wina anakuwa kuti, "Choka apa, matsanga iwe!" Nditamufunsa tanthauzo lake, anangoti ndi munthu woipa. Mwana wa zaka 8 sadziwa kuti dzinali linachokera kwa André Matsangaissa, mtsogoleri woyamba wa Renamo, amene anaphedwa ku Gorongosa mu 1979. Analitola kunyumba, kwa ife akuluakulu.

Mbiri ya dziko lathu yadzaza ndi maina otere. Mu 1976 Frelimo inatulutsa chithunzi chojambula pamanja cha Xiconhoca, mlesi, wakatangale, mdani wa anthu. Mbali yomaliza ya dzinalo imatanthauza njoka. Mu 1983, pa Operação Produção, anthu a m'mizinda amene anatchedwa "osapindulitsa" anasamutsidwira ku Niassa mokakamiza. Pa nkhondo ya zaka 16, wailesi ya boma inkatchula a Renamo kuti "bandidos armados", kutanthauza zigawenga. Nawo a Renamo ankati aliyense wogwirira ntchito boma ndi mkomyunisti, kaya ndi mlembi wa mudzi, namwino kapena mphunzitsi. Masukulu ndi zipatala zinatenthedwa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, enanso pafupifupi miliyoni anathawira ku Malawi. Makolo anga anali m'gululi, ndipo anabwerera pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992 litasainidwa.

Tinkayesa kuti zatha. Koma chisankho cha 2014 chitadutsa, Afonso Dhlakama anakana zotsatira n'kumalengeza pa misonkhano kuti adzalamulira zigawo zisanu ndi chimodzi, kuphatikizapo Tete. Gilles Cistac, mphunzitsi wa zamalamulo pa Universidade Eduardo Mondlane, ananena kuti malamulo oyendetsera dziko saletsa zigawo kukhala ndi mphamvu zodziyendetsa. Anatukwanidwa pa Facebook ndi m'manyuzipepala ena ngati mlendo wosokoneza. Pa 3 Malichi 2015 anamuwombera ku Maputo dzuwa likuswa mtengo.

Chaka chomwecho mfuti zinalira m'maboma a Tsangano ndi Moatize. Pofika kumayambiriro kwa 2016, anthu oposa 10,000 anali atathawira ku Malawi, ambiri ku Kapise m'boma la Mwanza. Othawawo anauza bungwe la Human Rights Watch kuti asilikali ankawanena kuti amadyetsa a Renamo, kenako n'kuwatenthera nyumba ndi nkhokwe. Mlimi anayamba wapatsidwa dzina, moto n'kubwera pambuyo.

Mawu paokha sagwira mfuti, ndipo si aliyense wotukwana amene amapha. Koma wogwira mfutiyo amafuna womuuza kuti amene waima patsogolo pake si munthu ngati iye. Ntchito imeneyi imagwiridwa pa msonkhano, pa wailesi, m'magulu a WhatsApp, ngakhale pakhonde tikudya nsima ana akumva.

Ana awiri aja ndinawakhazika pansi. Ndinauza wonyoza uja kuti atchule dzina la mnzakeyo, mfunda wake ndi mudzi wa agogo ake. Zinapezeka kuti onse ndi a Phiri. Anaseka, n'kubwerera ku mpira.

Inu makolo, nyengo ya kampeni ikafika, amene amavotera chipani china mumawatchula chiyani kunyumba kwanu? Ana amabwera nalo dzinalo kusukulu m'mawa mwake.