Mmene Cinyanja Cinabwererera mu Giredi 1

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, ana a m'masukulu ao anali kuyamba kuwerenga ndi kulemba m'Cinyanja. Cingelezi cinali kubwera pambuyo, m'makalasi apamwamba.

Zinthu zinasintha dziko litalandira ufulu. Lamulo la maphunziro la mu 1966 linakhazikitsa Cingelezi ngati cilankhulo cophunzitsira kuyambira mu Giredi 1, pofuna kugwirizanitsa mitundu yonse ya m'Zambia. Colinga cinali cabwino, koma ana ambiri anazunzika. Anali kukopera bwino za pa bolodi, koma osatha kulemba ciganizo caocao, popeza mau a Cingelezi sanali kuwamva.

Mu 1996, ndondomeko ya Educating Our Future inati mwana ayambe kuwerenga m'cilankhulo cimene acidziwa. Kucokera apo kunabwera New Breakthrough to Literacy. Mwana anali kuona cithunzi, kunena ciganizo, kucipanga ndi makadi a mau, kenaka kucilemba m'buku lake. Mu 2014, Primary Literacy Programme inaika patsogolo mamvekero a zilembo: mvekero, phatikizo, liu, ciganizo.

Njira zasintha kangapo, koma phunziro la mbiriyi ndi limodzi: mwana amalemba bwino zimene atha kunena. Conco aphunzitsi, musanauze ana kutsegula mabuku, apatseni mpata wolankhula za kunyumba, za kumunda kapena za kumsika. Zimene anenazo ndizo alembe.