Droni

Droni ndi kandege kouluka popanda munthu m'kati mwake, koyendetsedwa ndi rimoti kapena foni kuchokera pansi. Poyamba ndege zotere zinali za asilikali. Madroni ojambulira kanema nthawi zambiri amakhala ndi mapiko anayi ozungulira, batire, GPS ndi kamera yokhazikika pa kachipangizo koletsa kugwedera. Ambiri amapangidwa ndi kampani ya DJI ya ku Shenzhen, yomwe inayamba mu 2006. Amajambula maukwati, minda, ngakhalenso migodi ngati ya malasha ya ku Moatize. Ku Mozambique za ndege zimayang'aniridwa ndi bungwe la IACM. Droni siloledwa kuuluka pafupi ndi bwalo la ndege, monga la Chingozi pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo malo achitetezo ngati chipata cha pamalire cha Zóbuè sajambulidwa popanda chilolezo.