Liwiro la khadi la netiweki

Liwiro la khadi la netiweki ndi kuchuluka kwa deta imene khadi la mu kompyuta lingatumize kapena kulandira pa sekondi imodzi. Liwiroli limayezedwa mu Mbps, kutanthauza ma bit 1 miliyoni pa sekondi, kapena mu Gbps. Gbps imodzi ndi 1,000 Mbps. Liwiro la khadi ndi losiyana ndi liwiro la intaneti, chifukwa limangosonyeza kulumikizana kwa kompyuta ndi chipangizo chimene chili kumapeto ena kwa chingwe, monga switch kapena router.

Mbiri

Makompyuta ambiri a m'maofesi amalumikizana kudzera mu Ethernet, njira imene Robert Metcalfe ndi anzake anayambitsa ku Xerox PARC m'dziko la America mu 1973. Bungwe la IEEE linavomereza Ethernet ya 100 Mbps mu 1995, ndipo ya 1 Gbps yodutsa m'mawaya a mkuwa inavomerezedwa mu 1999.

Njira zodziwira liwiro

Pa Windows, lamulo la Get-NetAdapter mu PowerShell limaonetsa makhadi onse, ndipo liwiro limalembedwa pansi pa mawu akuti LinkSpeed. Pa Linux amalemba ethtool motsatizana ndi dzina la khadi, mwachitsanzo ethtool eth0, n'kuwerenga mzere wa Speed. Pa macOS, lamulo la ifconfig limasonyeza liwiro la khadi la chingwe pa mzere wa media. M'maofesi okhala ndi makompyuta ambiri, woyang'anira netiweki safunika kuyendera desiki iliyonse. Iye amatha kuona liwiro la makompyuta onse pa switch, ngati switchyo ndi ya mtundu wolola kuyang'aniridwa.

Zimene zimatsitsa liwiro

Chingwe chikalumikizidwa, khadi ndi switch zimagwirizana zokha liwiro lalikulu limene zonse ziwiri zingakwanitse. Choncho khadi la 1 Gbps lolumikizidwa ku switch ya 100 Mbps limayenda pa 100 Mbps basi. Chingwe nachonso chimatsitsa liwiro. Mkati mwake muli mawaya 8 opotedwa awiriawiri. Liwiro la 1 Gbps limafuna onse 8, pamene 100 Mbps imafuna 4 okha, motero waya mmodzi mwa 4 enawo akaduka, makhadi ambiri amatsikira ku 100 Mbps popanda chenjezo. Chingwe sichiyenera kupitirira mamita 100 kutalika kwake.

Kusiyana kumeneku kumaonekera pa ntchito. Fayilo ya 1 GB imatenga masekondi osachepera 8 pa 1 Gbps, koma pa 100 Mbps imatenga masekondi osachepera 80.