Belu la Limu ndi Kapu ya Phala

Ndikamadutsa pa Chinakanaka m'mawa wa sabata yotsegulira sukulu, maso anga amagwera pa makapu apulasitiki. Ana amawakoleka ku chala kapena kuwamangirira ku chikwama, ali ndawala m'mbali mwa msewu, phiri la Mulanje likadali m'nkhungu. Ife tinalibe kapu. Tinkaponya makaka m'thumba la kabudula, ndipo chotiitana chinali limu ya galimoto yopachikidwa mumtengo wa mango, imene mnyamata wa Sitandade 8 ankaimenya ndi chitsulo.

Kukokera mwana m'kalasi ndi ntchito yakale kuno. Amishoni a ku Scotland, amene anakhazikika ku Blantyre mu 1876, anafika m'tsinde mwa phirili pasanathe zaka makumi awiri, pomwe boma la atsamunda linadzatsegula nthambi yake ya maphunziro mu 1926. Zaka zonsezo sukulu inali ya mpingo. Agogo ankasimba kuti m'masiku awo sukulu inkalimbana ndi esiteti. Mabanja a Alomwe ochokera ku Mozambique ankakhala pa malo a azungu n'kumalipira ndi thangata, tsono manja a mwana ankafunika ku munda. Mphunzitsi, yemwenso anali mlaliki, ankayenda khomo ndi khomo kupempha ana. Chimene ankawalozera chinali chooneka ndi maso: kalaliki wa pa esiteti, wovala nsapato, wolemba matikiti a anzake ali pamthunzi.

Ine ndinayamba sukulu m'nthawi ya Kamuzu. Anandiuza kuti ndidutsitse dzanja pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Nditalikhudza, dzina langa linalowa m'kaundula. Fizi ndi yunifolomu zinali lamulo, ndipo wosalipira ahedi ankamubweza. Wochedwa ankakumana ndi chikwapu, kapena chibalo chotchetcha udzu, kukumba dzenje ngakhale kuzula chitsa. Alipo anzanga amene mpaka lero amati chikwapucho ndicho chinawaumba. Ine ndimakumbukira mnyamata amene tinkakhala benchi imodzi, katswiri wa masamu, wochokera kutali kutsidya kwa mtsinje. Anakwapulidwa masiku atatu otsatizana chifukwa chochedwa m'nyengo ya mvula. Teremu yotsatira anali akuthyola tiyi.

Mwambo waukulu unali wa tsiku lotsekera. Makolo ndi amfumu ankakhala pansi pa mitengo, mphunzitsi aliyense n'kuimirira ndi pepala lake. Akati "Nambala wani," bwalo lonse linkangoti zii, kenako dzina, kenako nthungululu. Mayi ankathamangira pakati akuvina, chitenje chili m'manja, kukafupa mwana wake. Mphatso inali kope, pensulo, nthawi zina sopo. Ndinalandirapo kope limodzi, ndipo fungo la mapepala ake ndimalimvabe. Koma pepala lija linali ndi kumchira. Mayina a olephera ankatchulidwanso, ana n'kumakuwiza, ndipo mwana wotere ankabwerera kwawo chogwetsa nkhope pamaso pa mudzi wonse. Mwambowu unkatithamangitsa ife khumi akutsogolo. Akumchira ambiri sitinkawaonanso sukulu ikatsegulidwa.

Mu Sitandade 5 tinapeza aphunzitsi aakazi amene ankachita zosiyana. Tsiku loyamba sankakhudza choko. Ankaitana dzina lililonse n'kufunsa mwiniwake kumene wathera tchuthi. Anyamata obwera ku thezo, amene ankadziona kuti akula, sankawachititsa manyazi. Ankawapatsa udindo wosunga mabuku ndi kuyang'anira munda wa sukulu. Dzina likaitanidwa popanda woyankha, ankafunsa amene amakhala naye pafupi, ndipo Loweruka ankapita okha kukaonana ndi amayi ake kapena amalume ake. Tsiku lina anaimiritsa mtsikana amene anachoka pa nambala 40 kufika pa 31, natiuza kuti timuombere m'manja monga tinkachitira ndi nambala wani. Mtsikana uja anamaliza Sitandade 8.

Mu 1993 boma linalola atsikana amene abereka kubwerera ku sukulu. Chaka chotsatira, mu 1994, boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, yunifolomu n'kusiya kukhala yokakamiza. Ana a pulayimale m'dziko muno, amene sankakwana 2 miliyoni, anafika pafupifupi 3 miliyoni nthawi imodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo ana a alongo anga analowera khomo limenelo. Komabe aphunzitsi zikwizikwi analembedwa mwachangu asanapite ku koleji, makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo, ndipo mphunzitsi wa ana opitirira zana sakanathanso kudziwa nkhope ya aliyense. Mwana ankatha kujomba mwezi wathunthu popanda womufunsa.

Kenako kunabwera phala. Bungwe la WFP linayamba kudyetsa ana m'sukulu za m'Malawi mu 1999, ndipo la Mary's Meals linayambira ntchito yake m'dziko momwe muno mu 2002. Amayi odzipereka amalawirira mbandakucha kukasonkha moto. Amene anayesapo kuphunzira masamu m'mimba muli mbee mwezi wa Febuluwale sangapeputse kapu imeneyo. Phala limamufikitsa mwana pabwalo la sukulu, ngakhale alipo ena amene amati akamwa n'kuzemba belu lachiwiri lisanalire.

Zaka zaposachedwazi zatikumbutsa njira yakale ija. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo zitatsegulidwa mu Seputembala ndi Okutobala, atsikana ambiri anali ndi pakati kapena ali pabanja. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasandutsa makalasi a ku Mulanje ndi Phalombe kukhala misasa ya anthu othawa madzi. Maulendo onse awiri, amene anabweza ana anali magulu a amayi, mafumu ndi aphunzitsi oyenda khomo ndi khomo, monga mlaliki wa m'masiku a agogo.

Inu aphunzitsi a kuno kwathu, ndikudziwa kuti kalasi ndi lodzaza ndipo mabuku sakwana. Komabe sabata yoyambayi itanani dzina lililonse la m'kaundula, muyang'ane nkhope ya woyankhayo. Amene sanayankhe masiku atatu, tumizani uthenga kwawo sabata isanathe.