Dzina la City Licokera Kuti?

Anthu ambiri aganiza kuti tauni ikakula ndi kudzala anthu, pomwepo yasanduka City. Si tero ai. Dzinali licita kupatsidwa mwa lamulo, monga nduna ilandira udindo kwa mfumu yace.

Mwambowu unacokera ku Mangalande, kumene Mfumu ipereka dzinali ndi kalata ya cidindo cace. Kale linali kupita ku midzi yokhala ndi chalichi cacikuru ca bishopu. Koma mu 1889 Birmingham, mudzi wa osula zitsulo, unalilandira usanakhale ndi bishopu wacewace.

M'dziko la Northern Rhodesia Boma linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935. Komabe Lusaka anakhala likulu zaka 25 wopanda dzina la City, kufikira kalata ya Mfumukazi Elizabeth inadza mu 1960. Zambia atalandira ufulu mu 1964, mphamvuyi inapita kwa Pulezidenti, amene alengeza dzinali mwa lamulo la makhonsolo. Ndola analandira mu 1967, Kitwe nayenso m'zaka zomwezo, pakuti mkuwa unali ndi mau masiku amenewo. Livingstone, amene anamlanda ulikulu, anayembekeza zaka zambiri, ndipo Chipata anatsata mu 2017.

Nanga Kabwe? Miyala ya mtobvu inapezeka kumeneko mu 1902, njanji isanafike pa mudzi wa Lusaka. Amuna anakumba pansi pamenepo zaka zambirimbiri, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994 dzina la City lisanafike.