Mbiri ya Malonda a Mphasa ndi Mikeka M'dera la Mfumu Kuntaja

Munthu woyenda pa msewu wochokera mumzinda wa Blantyre kulowera ku Zalewa, akafika pa msika wa Lunzu kapena pa Lirangwe, amaona mphasa zokulungidwa bwino, eni ake ali chete kudikira ogula. Malonda amenewa ndi akale kuposa ndalama zimene anthu amagulira, ndipo mbiri yake imatiphunzitsa mmene mtengo wa ntchito yamanja wakhala ukusinthira.

Makolo a m'dera la Mfumu Kuntaja ndi madera oyandikana nalo ankadula bango m'mphepete mwa mitsinje monga Lirangwe, Lunzu ndi Shire. Bangolo ankaling'amba, kuliyanika, kenaka kulisoka ndi chingwe cholimba. Mkeka ankauluka ndi mlaza, ndipo ena ankaunyika m'utoto kuti ukongole. Pogula, munthu ankayeza mphasa ndi mikono, n'kuiimika padzuwa. Ngati kuwala kukudutsa m'mipata, ankadziwa kuti mmisiri anasoka mothamanga kapena anadula bango losakhwima. Malipiro ake anali nkhuku, mapira kapena mchere. Koma ulemu wa mphasa unaposa malipirowo, pakuti mlendo ankalandiridwa pamphasa, milandu inkakambidwa pamphasa, ndipo womwalira ankapita kumanda atakulungidwa m'mphasa.

Luso la manja silinathere pa bango ndi mlaza. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankaomba nsalu ya thonje yotchedwa machila, imene Apwitikizi ankaigula m'zaka za m'ma 1600 n'kumachitira malonda m'madera a mtsinje wa Zambezi. David Livingstone atafika kuno mu 1859 anapeza anthu akupota ndi kuomba thonje m'midzi yambiri.

Zinthu zinasintha atabwera amishoni ku Blantyre mu 1876, ndiponso kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, mu 1878. Popeza sitima sizinkatha kudutsa mathithi a Shire, amtengatenga ankasenza katundu pamutu kuchokera ku Blantyre kupita ku Matope, kudzera m'madera amenewa. Mwa katunduyo munali nsalu za ku mafakitale a ku Ulaya, zimene zinkayezedwa ndi mikwamba. Nsaluzi zinali zopepuka ndi zosavuta kupeza, kotero kuti machila anazilala pang'onopang'ono mpaka oomba ake anatha. Mphasa inapulumuka chifukwa panalibe fakitale yopanga chinthu cholowa m'malo mwake.

Boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, anthu anayamba kufuna ndalama, ndipo mphasa inasanduka katundu wa pamsika. Njanji yopita ku Salima, imene inatha kumangidwa mu 1935 ndipo imadutsa pa Lirangwe, inachulukitsa apaulendo ndi ogula. Komabe kuyambira pamenepo mtengo unayamba kudalira thumba la wogula koposa thukuta la wosoka. Mmisiri wofuna kulipira msonkho msanga ankalolera mtengo uliwonse.

Dziko litalandira ufulu, panali kuyesa kukweza ntchito zamanja. Bungwe la MACOHA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, linatsegula fakitale ku Bangwe kumene anthu aulumali ankaomba makapeti ndi nsalu zokongoletsera m'nyumba. Ntchitoyi inaonetsa kuti chinthu choombedwa ndi manja a Mmalawi chingathe kugulidwa pa mtengo wabwino ngati chapangidwa mwaluso ndipo chapeza msika woyenera.

Masiku ano amisiri a ku Chileka ndi ku Lirangwe ali pa mavuto awiri. Loyamba ndi mikeka ya pulasitiki yochokera kunja, imene yadzaza m'misika. Lachiwiri ndi kuchepa kwa bango, popeza anthu alima madimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Achinyamata ambiri safunanso kuphunzira luso limene phindu lake n'lochepa.

M'maiko monga Iran ndi Turkey, kapeti yoombedwa ndi manja ikakalamba mtengo wake umakwera, chifukwa ogula amafunsa zaka zake, dera limene inachokera ndi kuchuluka kwa mfundo zake. Mphasa ya bango sikhalitsa chotero, pakuti chiswe ndi chinyezi zimaidya. Choncho chakale chimene Amalawi angasunge si mphasayo ayi, koma luso loisokera. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Machila anatha chifukwa anthu anawaona operewera poyerekeza ndi nsalu zachilendo. Ngati wogula sawerengera masiku amene mmisiri wathera kudambo ndi pabwalo, tsiku lina ana a kwa Kuntaja adzaona mphasa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri kokha.